Msewu Uwu Mwini Wake Ndani? Kukonzera Limodzi Kayendedwe m'Boma la Phalombe

(Nyimbo yotsegulira. Itsike pang'onopang'ono.)

 

MUULUTSI: Lero tikambirana za misewu, milatho ndi kayendedwe ka anthu m'boma la Phalombe. Chaka ndi chaka mvula ikagwa, kwinakwake mlatho umakokoloka, kwinakwake msewu umaduka. Zikatero ena amathamangira kwa phungu, ena kwa khansala, ena kwa amfumu, ndipo ena amangogwira njakata n'kumati boma latitaya. Kodi msewu umene mumayendamowo mwini wake ndani? Ndalama zoukonzera zimachokera kuti? Nanga amasankha ndani kuti chaka chino ntchito iyambire apa, apo padikire? Mumva kuti eni ake ndi angapo, ndipo iwowa akapanda kukhala pansi n'kupangana, wovutika amakhala inu woyenda. Khalani nafe mpaka kumapeto.

(Kanyimbo)

GAWO LOYAMBA: ULENDO UMODZI, ENI AKE ANGAPO

MUULUTSI: Tiyeni titsatire thumba la nandolo. Mlimi wa kwa Jenala wakolola, wapuntha, wapeta, wathira m'thumba. Ogula akuluakulu ali ku Limbe, ndipo nandolo wambiri wa dziko lino amakathera ku India. Poyamba thumbalo limakwera njinga yakapalasa, kudutsa kanjira ka m'minda ndi kuwoloka khwawa pa ulalo wamitengo. Likatero limalowa mumsewu wafumbi wopita kumsika. Pamsikapo m'pamene limakwera lole yogwira msewu wa phula.

Zigawo zitatu za ulendowu zili m'manja osiyana. Boma linagawa misewu ya dziko lino m'magulu, ndipo gulu lililonse lili ndi chilembo chake: M ya misewu ikuluikulu monga M2 wochokera ku Limbe kupita ku Muloza, kenako S ndi T za misewu yocheperapo, ndiye D ya misewu ya m'maboma. Misewu ya M, S ndi T imayang'aniridwa ndi bungwe la Roads Authority. Misewu ya D ndi ina ing'onoing'ono yolumikiza midzi ndi udindo wa khonsolo. Kanjira ka m'minda ndi ulalo wamitengo uja nthawi zambiri zimasamalidwa ndi eni mudzi okha, amfumu akamema ntchito yachitukuko.

Misewu yolembedwa m'kaundula wa boma m'Malawi muno ndi yotalika makilomita 15,451, koma ya phula imangopitirira pang'ono makilomita 4,000. Palinso makilomita ena oposa 9,000 a misewu ya m'midzi yomwe sinalowe m'kaundulayo. Izi zikutiuza kuti Mmalawi wakumudzi amayenda kwambiri pafumbi ndi pamatope kusiyana ndi paphula, ndipo mbali yaikulu ya ulendo wake ili m'manja mwa khonsolo ndi mudzi wake womwe.

Nanga ndalama? M'chaka cha 2006 Nyumba ya Malamulo inagawa pawiri bungwe lakale loona za misewu. Roads Authority inapatsidwa ntchito yomanga ndi kukonza, pomwe Roads Fund Administration inapatsidwa ntchito yotolera ndi kusunga ndalama. Gwero lalikulu la ndalamazo ndi msonkho wa pamafuta a galimoto. Pa lita iliyonse ya petulo kapena dizilo pali kangachepe kopita kuthumba la misewu. Zina zimachokera kuzipata zolipiritsa, monga cha pa Chingeni chomwe chinatsegulidwa mu 2021 ndi cha pa Kalinyeke ku Dedza cha mu 2022. Choncho inu achimwene a njinga yamoto, mukathira petulo pa Migowi, dziwani kuti mwasonkha nawo. Muli ndi ufulu wofunsa momwe ndalamazo zikuyendera.

Boma la Phalombe linaima palokha mu 1998 litachotsedwa ku Mulanje. Chaka chomwecho dziko lino linakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko yomwe tonse timaidziwa kuti mphamvu ku anthu. Cholinga chake chinali chakuti zosankha za chitukuko cha dera zizichitikira pafupi ndi eni dera. Kuno kwathu kulibe boma la chigawo loima pakati pa Lilongwe ndi khonsolo. N'chifukwa chake mgwirizano wa m'chigawo umadalira kuti khonsolo ya Phalombe izilankhulana yokha ndi makhonsolo oyandikana nawo a Mulanje, Zomba ndi Chiradzulu, ndi ofesi ya Roads Authority ya chigawo cha kummwera, komanso ndi unduna woona za mtengatenga. Palibe wina amene angawakhazike pamodzi ngati iwo eni sakufuna.

(Kanyimbo)

GAWO LACHIWIRI: PHULA LINAFIKA, NANGA OKHALA KUTALI NALO?

MUULUTSI: Akuluakulu amene mukumvera mukukumbukira nthawi yomwe ulendo wochoka ku Phalombe kupita ku Zomba kapena ku Mulanje unali wafumbi m'chilimwe, wamatope m'dzinja. Msewu wa Zomba, Jali, Phalombe mpaka Chitakale, wotalika makilomita pafupifupi 100, unayamba kumangidwa m'nthawi ya ulamuliro wa malemu Bingu wa Mutharika, ndi ndalama zangongole zochokera kuthumba la chitukuko la dziko la Kuwait, banki ya BADEA ndi thumba la OPEC. Ntchitoyo inaimaima, ndipo inadya zaka zoposa khumi. Ana amene anaona makina akufika ali kupulayimale anakula n'kukwatira msewu usanathe.

Msewu umenewu umadutsa maboma atatu: Zomba, Phalombe ndi Mulanje. Ndalama ndi akatswiri zinachokera ku boma lalikulu, koma ntchito yamtunduwu siyenda popanda makhonsolo ndi mafumu. Iwo ndi amene amadziwa munda wa yani udzadyedwa ndi msewu, chipukuta misozi chipite kwa yani, manda ali pati, dothi lothira mumsewu likumbidwe kuti, ndiponso maenje otsalawo akwiriridwe bwanji kuti ana asamiremo. Zoterezi zikachedwa kukambidwa, kontirakitala amaima, mitengo ya simenti ndi mafuta imakwera, ndipo ngongole yomwe tidzabweze tonse imakula.

Lero phula lilipo, ndipo palinso msewu wochokera ku Chiradzulu kukafika ku Chiringa. Tiyamike, chifukwa misewu imeneyi yasintha malonda ndi maulendo. Koma kalembera wa 2018 anapeza anthu 429,450 m'boma lino, ndipo ambiri mwa iwo sakhala m'mphepete mwa phula. Bungwe la United Nations lili ndi muyezo umene maiko amagwiritsa ntchito poona ngati anthu akumudzi akufikirika: amawerenga kuti ndi anthu angati amene amakhala mtunda wosapitirira makilomita awiri kuchokera pamsewu wodutsika chaka chonse. Muyezowu sufunsa ngati msewuwo ndi wa phula kapena wafumbi. Umafunsa ngati galimoto ingadutse mu Febuluwale monga imadutsira mu Ogasiti. Inu omvera, dziyezeni nokha: kuchokera pakhomo panu kukafika pamsewu woti ambulansi ingafikepo mvula ili mkati, pali mtunda wotani?

Funsoli ndi la moyo ndi imfa. Azaumoyo amaphunzitsa kuti amayi oyembekezera amatayika chifukwa cha kuchedwa kutatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira chithandizo atafika. Kuchedwa kwachiwiriko ndi nkhani ya misewu. Kwa zaka zambiri Phalombe analibe chipatala chachikulu cha boma, ndipo odwala ankadalira chipatala cha mishoni cha Holy Family. Tsopano pa Migowi pali chipatala cha boma chotchedwa John Chilembwe. Koma chipatala chachikulu chimathandiza yekhayo amene wafikako. Apa m'pofunika kuti mkulu wa zaumoyo ndi mkulu wa zomangamanga kukhonsolo aziyala mapu amodzi, n'kulemba njira iliyonse yomwe ambulansi imayenda kuchokera kuzipatala zing'onozing'ono, ndi malo amene imatitimira. Akulu a zamaphunziro nawo awonjezerepo mitsinje yomwe imatsekereza ana kusukulu, alangizi a zaulimi awonjezerepo njira zomwe feteleza amalowera ndi zomwe mbewu zimatulukira. Mapu oterewa ndiwo ayenera kutsogolera bajeti.

Alimi mukudziwa bwino mtengo wa msewu woipa. Venda akavutika kufika kumudzi kwanu, ndalama yomwe wawononga pa mafuta ndi kukonzetsa galimoto amaichotsa pamtengo wa mpunga, nandolo kapena mpendadzuwa wanu. Feteleza pofika kwanu amakwera mtengo, mbewu pochoka kwanu zimatsika mtengo. Msewu ukaipa mlimi amaluza kawiri.

(Kanyimbo)

GAWO LACHITATU: MADZI SAIWALA KHWAWA

MUULUTSI: Omvera, aliyense wofuna kukonza za misewu m'boma lino ayambe wayang'ana kuphiri. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala, mitengo ndi matope, n'kupha anthu pafupifupi 500. Ngozi imeneyo ndi yomwe inachititsa dziko lino kukhazikitsa lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'chaka chomwecho. Madzi anasefukiranso mu Januwale 2015, kunabwera namondwe wa Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022. Ndiye mu Malichi 2023, patatha zaka 32 chichitikireni cha ku Michesi, namondwe wa Freddy anatikantha. Tikupepesa mabanja onse amene anataya okondedwa awo.

Pa nthawi ya Freddy dera la Nkhulambe linakhala losafikika pagalimoto, ndipo chipatala cha kumeneko chinawonongeka. Dziko lino linachita kuthandizidwa ndi ndege za helikoputa zochokera ku Tanzania ndi Zambia kuti lifikire madera amene misewu inaduka. Taganizirani momwe dera limeneli lakhalira. Ku Nkhulambe mutha kufikako podutsa pampata wa Fort Lister, pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, njira yakalekale yomwe ogulitsa akapolo ankadzera popita kunyanja yamchere mpaka Angerezi anamangapo linga mu 1893. Muthanso kudzera ku Chiringa, kapena kuzungulira ku Muloza m'boma la Mulanje. Ndiye kuti moyo wa anthu a ku Phalombe nthawi zina umadalira mlatho womwe uli m'boma la eni. Makhonsolo awiriwa, pamodzi ndi Roads Authority ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, ayenera kugwirizaniratu kuti ndi njira iti yomwe ilimbitsidwe koposa zonse, ndiponso kuti njira imodzi ikaduka, makina otsegulira ina achokera kuti. Zimenezi zimapanganidwa kukali dzuwa, mitsinje isanadzaze.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Pomwe anadutsa mu 1991 ndi mu 2023 adzadutsanso. Akatswiri omanga milatho ali ndi masamu awo owerengera kuchuluka kwa madzi, koma agogo a m'mudzi ndi amene angaloze pamtengo n'kunena kuti chaka chakutichakuti madzi analekeza apa. Injiniya wanzeru amayamba wacheza ndi anthu oterewa asanajambule mlatho. Ndipo mlatho ukakokoloka, kuumanganso pamalo omwewo ndi msinkhu womwewo n'kutaya ndalama.

Mitsinje ya Phalombe ndi Sombani imayambira m'phiri n'kukathira ku nyanja ya Chilwa. Mitengo ya m'phirimo ikatha ndi makala ndi macheka, madzi amatsika mwaukali, atasenza mchenga ndi miyala. Mchengawo umakwirira mtsinje, mtsinje umasiya njira yake n'kulowa mumsewu. Choncho woteteza nkhalango akutetezanso mlatho, ngakhale kuti maofesi awo ndi osiyana. Nthambi ya zankhalango, makomiti a m'midzi osamalira zachilengedwe ndi a zomangamanga ali pa ntchito imodzi.

Kuchigwa nako kuli vuto lake, dothi la makande. Likanyowa limafufuma n'kumamata, likauma limang'ambika. Msewu womangidwa pa makande umafuna kukwezedwa ndi kuthiridwa dothi lamiyala lochokera kwina, apo ayi mvula yoyamba yomwe umasanduka phala.

Mdani wamkulu wa msewu wafumbi ndi madzi oima kapena oyenda pamwamba pake. Msewu wabwino umakhala ndi msana pakati kuti madzi azitsetserekera m'mbali. M'mbalimo mumakhala ngalande, ndipo ngalandezo zimakhala ndi mipata yotayira madzi kutali. Pomwe madzi ayenera kuwoloka msewu amaikapo kalavati, ndipo pamtsinje wotakata wosazama amatha kuwaka simenti pansi kuti madzi azidutsa pamwamba. M'mbali mwa milatho amamanga miyala m'mawaya ndi kubzala udzu wa vetiva kuti dothi lisagumuke. Zonsezi zimafa ngati ngalande zatsekeka. Munthu akalima mpaka m'ngalande, akataya zinyalala m'kalavati, akatseka mpata wotayira madzi poopa kuti alowa m'munda mwake, akakumba mchenga patsinde pa mlatho kapena kuba mawaya omangira miyala, wawononga ntchito ya mamiliyoni ndi khasu limodzi. Nkhani ya madzi olowa m'minda ndi yeniyeni, ndipo eni minda ali ndi chifukwa chodandaulira. Njira yake ndi kukambirana pamaso pa amfumu ndi woyang'anira misewu wa khonsolo ntchito isanayambe, kuti madziwo apatsidwe kolowera.

(Kanyimbo)

GAWO LACHINAYI: KUCHOKERA PABWALO LA AMFUMU KUKAFIKA M'BAJETI

MUULUTSI: Tsopano tione momwe dandaulo lanu lingasandukire ntchito yooneka. Kwa gulupu aliyense kuli komiti ya chitukuko ya VDC. Komitiyi imasonkhanitsa anthu n'kulemba zosowa za midzi yawo motsatana, chachikulu patsogolo. Zolembazo zimapita ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, monga kwa Mkhumba, Nazombe, Chiwalo, Kaduya, Jenala kapena Nkhulambe. Kumeneko alangizi a boma ogwira ntchito m'deralo amathandiza kuunika zomwe zingatheke. Kuchoka apo zimakafika kukhonsolo, komwe akatswiri a m'maofesi motsogozedwa ndi bwanamkubwa amaziika m'dongosolo la chitukuko cha boma la zaka zisanu, ndipo makhansala amakambirana n'kuvomereza. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo unyolo umenewu unali wodukaduka. Lero alipo, tiwagwiritse ntchito.

Dongosolo la khonsolo liyenera kulumikizana ndi madongosolo a dziko lonse. Boma lili ndi pulani yaikulu ya zamtengatenga ya zaka 20, kuyambira 2017 mpaka 2037, komanso masomphenya a Malawi 2063 omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021. Khonsolo ikadziwa msanga kuti Roads Authority ikonza msewu wakuti chaka chakuti, imatha kulunjika ndalama zake kumisewu ing'onoing'ono yothira mumsewu umenewo, kuti phindu lifike kutali. Nayo Roads Authority ikamva kwa khonsolo komwe kukubwera msika, sukulu kapena sikimu yamthirira, imadziwa poika mphambano, pokwerera basi ndi powolokera anthu.

Ndalama za chitukuko zimafika m'boma kudzera m'matumba angapo. Pali thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, CDF, lomwe linayamba mu 2006. Pali thumba la chitukuko cha boma, DDF. Pali ndalama za pulojekiti ya GESD zochokera ku World Bank, zomwe khonsolo imalandira malinga ndi momwe yakhozera pa kayendetsedwe ka chuma ndi ntchito. Palinso ntchito zolipidwa za m'midzi zomwe tinazizolowera kuyambira nthawi ya MASAF, ndi thandizo la mabungwe omwe si aboma. Thumba lililonse likamayenda palokha, zotsatira zake ndi mlatho womangidwa bwino koma wopanda msewu wofikapo, kapena msewu wopalidwa bwino wothera pamtsinje wopanda mlatho. Matumba onsewa ayenera kutunga ntchito zawo m'dongosolo limodzi la khonsolo, ndipo mlatho uliwonse, kaya ndalama zake zachokera kwa yani, ujambulidwe ndi kuyenderedwa ndi injiniya.

Poti ndalama sizikwanira zonse, tisankhe bwanji? Nawa mafunso asanu oti komiti iliyonse izifunsa. Njirayi imathandiza anthu angati? Imapita kuchipatala, kusukulu kapena kumsika? Imaduka miyezi ingati pachaka? Ikaduka, pali ina yozungulira? Nanga ikakonzedwa, adzaisamalira ndani? Mukayankha moona mtima, nthawi zina mudzapeza kuti mlatho wa mudzi woyandikana nawo ndi wofunika kuposa wa kwanu. Kuvomereza zimenezo ndiwo uchikulire.

Akatswiri a misewu yakumidzi amalangizanso kuti ndalama zikachepa, ndi bwino kuyamba ndi malo ovutitsitsa. Msewu wa makilomita khumi kawirikawiri umaduka pamalo awiri kapena atatu okha: padambo, pakhwawa, pachitunda choterera. Kuika kalavati ndi dothi lamiyala pamalo amenewo kumatsegula msewu wonse chaka chathunthu, pomwe kupala msewu wonse ndi gireda kumasangalatsa maso miyezi yochepa, mvula n'kudzafafaniza.

Nthawi nayo ndi yofunika. Kuyambira 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo. Bajeti imakonzedwa miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Mukapereka pempho lanu bajeti itadutsa kale, mudikira chaka china. Ndi bwino kuti m'dzinja komiti izilemba malo onse oduka, tsiku lomwe anaduka ndi masiku omwe anakhala osadutsika. Amene ali ndi foni yojambula ajambule. Umboni woterewu umalankhula mokweza kukhonsolo kusiyana ndi kungonena kuti kwathu misewu ndi yoipa.

Ntchito ikayamba, yang'anani chikwangwani. Chizionetsa dzina la kontirakitala, komwe ndalama zachokera ndi nthawi yomwe ntchito ithere. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kumaofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo limakulolani kufunsa mtengo wa ntchito ndi zomwe anagwirizana. Mukaona simenti ikuchepetsedwa kapena zitsulo zikuzembetsedwa, uzani komiti yoyang'anira ntchitoyo, khansala kapena ofesi ya bwanamkubwa ntchito ikadali mkati. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

(Kanyimbo)

GAWO LACHISANU: KABAZA, MISIKA NDI MALIRE

MUULUTSI: Kukonza kayendedwe sikuthera pa misewu ndi milatho. Tionenso zomwe zimayenda pamisewupo. M'boma lino odwala, amalonda, aphunzitsi ndi mbewu zimayenda kwambiri pa njinga, yakapalasa kapena yamoto. Kabaza amafika komwe minibasi sifika, ndipo wapatsa achinyamata ambiri chochita. Komabe zipatala zathu zikulandira anthu ochuluka othyoka miyendo ndi ovulala m'mutu pa ngozi za njinga zamoto.

Apanso udindo ndi wogawana. Ziphaso zoyendetsera ndi kulembetsa njinga zili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za pamsewu. Kugwira ophwanya malamulo ndi ntchito ya apolisi. Malo a siteji, misika ndi madepoti amagawa ndi khonsolo. Zikwangwani, mahampu ndi mizere yowolokera pamsewu wa phula ndi za Roads Authority. Magulu a akabaza eni ake ndi amene amadziwa mamembala awo. Onsewa atakhala pamodzi, angathe kubweretsa maphunziro ndi mayeso a ziphaso pafupi, kuti mnyamata wa ku Chiringa asawononge ndalama zambiri kulondola chiphaso kutauni. Achimwene a kabaza, chipewa choteteza mutu chivalidwe ndi inu ndi wokwera yemwe. Musanyamule anthu atatu kapena anayi pa njinga imodzi, ndipo mowa ndi chiwongolero zisakumane.

Tsiku la msika, malonda amasefukira mpaka paphula. Amayi ogulitsa amatsata pomwe pali ogula, ndipo kuwathamangitsa kokha sikuthetsa vuto. Khonsolo, yomwe imatolera ndalama za ziphaso zamumsika, ikonze malo abwino okhala ndi mthunzi, madzi ndi zimbudzi, komanso poimikira malole kunja kwa msewu. Mafumu pogawa malo asalole nyumba ndi mashopu kulowa m'malo osungidwira msewu, chifukwa tsiku lokulitsa msewu likadzafika padzakhala kulira.

Kummawa tili ndi malire ndi Mozambique. Mbali zonse ziwiri kuli abale a mtundu umodzi, olankhula Chilomwe ndi Chichewa, okwatirana, ogulitsana chimanga ndi nsomba. Chipata chachikulu chili pa Muloza moyang'anana ndi Milange, ndipo msewu wochokera ku Chiringa kupita ku Muloza ndi mtsempha wa malonda a chigawo chonsechi. Kumpoto kuli nyanja ya Chilwa, yomwe timagawana ndi Zomba, Machinga ndi Mozambique. Matemba, makumba ndi milamba zimafuna msewu wabwino kuchokera kumadooko, ndipo mabwato onyamula anthu amafuna kuyenderedwa kuti asamadzaze mopyola muyezo. Palibe khonsolo imodzi yomwe ingalongosole zimenezi payokha.

(Kanyimbo)

MAWU OTSIRIZA

MUULUTSI: Omvera, nthawi yathu yatha, koma tisanatseke tisiye mawu kwa aliyense.

Kwa a khonsolo ya Phalombe: khalani ndi kaundula wa misewu, milatho ndi makalavati onse a m'boma lino ndi momwe zilili, ndipo mndandanda wa ntchito za chaka uzimatidwa poyera kuti aliyense awerenge. Muzikumana ndi anzanu a ku Mulanje, Zomba ndi Chiradzulu mvula isanayambe.

Kwa a Roads Authority, a Roads Fund Administration ndi unduna: dziwitsani makhonsolo mapulani anu nthawi ikadalipo, tumizani ndalama zokonzera misewu m'chilimwe pomwe ntchito imagwirika, ndipo mangani milatho yolingana ndi madzi omwe Phalombe wawaona.

Kwa aphungu ndi makhansala: kusiyana zipani kusalepheretse mlatho. Tsatirani zomwe anthu anasankha ku VDC ndi ku ADC.

Kwa mafumu athu: tetezani malo a msewu, nkhalango ndi magombe a mitsinje, ndipo pamsonkhano wa chitukuko mupereke mpata kwa amayi, achinyamata, okalamba ndi anzathu aulumali, poti iwo ndi amene amamva kuwawa kwambiri njira ikaduka.

 Kwa inu amayi ndi abambo, pempho lathu ndi ili: funsani amfumu tsiku la msonkhano wa VDC, mukapezekepo ndi mndandanda wa malo oduka m'dera lanu, ndipo mvula isanagwe mutenge makasu mukatsegule ngalande ndi makalavati a msewu wodutsa kwanu.

(Nyimbo yotsekera)